Jekete yoyandamitsa: kuisankha, kuimanga ndi zochita bwato likagubuduka

Mukamufunsa msodzi wa ku Msaka, ku Makanjira kapena ku Usisya chifukwa chimene savalira jekete yoyandamitsa, amakuyang'anani ngati mwamunyoza, n'kukuuzani kuti iye anabadwira m'madzi. Sanama ayi, kusambira amakudziwadi. Koma kusambira kumene akunenako ndi kwa masana, thupi lili lopepuka, gombe likuoneka poteropo. Ngozi sibwera choncho. Imabwera 2 koloko usiku, mutavala juzi ndi jombo chifukwa cha chisanu cha mwera, mutu mutaugunditsa pathabwa la boti, mwendo utakodwa mu chilimira, nyali za kumtunda zikuoneka ngati nyenyezi. Nyanja ya Malawi pena ndi yotakata makilomita 75, ndipo cha kumpoto ndi yakuya mamita pafupifupi 700. Madzi akenso ndi opanda mchere, choncho sanyamula thupi monga amachitira a m'nyanja zamchere.

Ntchito ya jekete imeneyi, yomwe kunyanja timangoti laifu jaketi, ndi imodzi: kusunga pakamwa ndi mphuno zanu pamwamba pa madzi pamene mikono yalema kapena mwakomoka. Ntchitoyi imaigwira ikakhala pathupi, yomangidwa, musanachoke pagombe. Imene mwaikhalira ngati khushoni, kapena ili pansi pa matumba a usipa, bwato likagubuduka imayandama yokha n'kupita ndi mphepo. Ndipo amene anayesapo kuivala ali kale m'madzi adzakuuzani kuti imachita kukuthawani, iyo ikufuna kukwera pamwamba, inu mukulowa pansi.

Choyamba, werengani zimene zalembedwa mkati mwa jekete

Majekete onse sali ofanana, ngakhale onse akhale a mtundu wa lalanje. Tsegulani muone mkati, cha kumsana. Jekete yeniyeni imakhala ndi zolemba zonena kulemera kwa munthu woyenera kuivala, kukula kwa chifuwa, ndi nambala yotsagana ndi chilembo N. Pa ambiri mupezanso mawu akuti ISO 12402, womwe ndi muyeso wovomerezeka wa majekete otere. Ikakhala yopanda cholembedwa chilichonse, ikayikireni.

Chilembo N chikuimira newton, muyeso wa mphamvu. Mwachidule, 10 N iliyonse imanyamula pafupifupi kilogalamu imodzi m'madzi. Apa ena amadabwa kuti jekete ya 100 N, yonyamula makilogalamu 10 okha, ingasunge bwanji bambo wa makilogalamu 80. Chinsinsi n'chakuti thupi likalowa m'madzi, madziwo amanyamula kale pafupifupi kulemera kwake konse. Chotsala n'kukweza mutu, umene umalemera makilogalamu ngati 5, ndi zovala zonyowa.

Ya 50 N ndi yopyapyala, yopanda kolala, yosavuta kupalasa mutaivala. Ndi imene alendo amavala pa timabwato ta kayak ku Cape Maclear ndi ku Nkhata Bay. Imathandiza munthu wodziwa kusambira, amene ali pafupi ndi gombe ndiponso pafupi ndi anzake. Siitembenuza munthu wokomoka kuti nkhope iyang'ane kumwamba. Ngati mwagwa chafufumimba, mukhala chafufumimba.

Ya 100 N imakhala ndi kolala yochirikiza mutu, ndipo ndi ya madzi abata, kufupi ndi mtunda. Ya 150 N ndiyo inapangidwira madzi a mafunde, ndipo imatembenuza munthu wokomoka kuti agone chagada. Kwa msodzi wopita kutali usiku, kapena wowoloka pakati pa Nkhata Bay ndi Likoma, ine ndinganene kuti 150 N ndiyo yoyenera. Ya 275 N ndi ya anthu ovala zovala zolemera za ntchito pa nyanja zikuluzikulu, ndipo m'bwato lathu ingokupanikizani. Majekete ochokera ku America, amene amapezeka mu kaunjika, ambiri amalembedwa Type I, Type II kapena Type III. Type I ndi imene ili ndi mphamvu zambiri zotembenuza munthu, pamene Type III satembenuza.

Palinso majekete odzifufumitsa, ooneka ngati mpango wa m'khosi, okhala ndi kasilinda ka mpweya mkati. Mukakoka kachingwe, kapena madzi akakhudza kachipangizo kake, amafufuma. Ndi opepuka ndiponso satentha, koma kasilindako kamagwira ntchito kamodzi kokha, ndipo kolowa m'malo mwake simukapeza pagolosale ya padoko. Sayenera ana, sayeneranso munthu wosadziwa kusambira. Kwathu kuno, ya siponji yolimba mkati ndiyo bwenzi lodalirika, chifukwa ilibe choti chikane kugwira ntchito.

Sankhani mtundu wowala: lalanje, wofiira kapena wachikasu. Yakuda kapena yabuluu imakongola pachithunzi, koma okufunafunani saiona pakati pa mafunde. Ikhale ndi timizere tonyezimira tikawalitsidwa ndi tochi, ndipo mumangirirepo wezulo.

Chachiwiri, ngati ndi yogwiritsidwapo kale ntchito, iyendereni

Ambiri a ife timagula pa kaunjika kapena kwa mnzathu, ndipo palibe cholakwika. Koma ifinyeni ndi manja paliponse. Siponji yabwino imabwerera mukaisiya. Imene yauma gwa, imene ikufumbutuka mkati, kapena yaphwatalala chifukwa anthu amaikhalira, yatha ntchito. Kokani lamba aliyense mwamphamvu, makamaka pamene anasokerera. Dzuwa limadya malamba mwakachetechete, ndipo lamba wotuwa amatha kuduka ngati ulusi wovunda. Tsekani ndi kutsegula zomangira zonse, mumve kuti zikulira bwino ndipo sizikumasuka zokha mukakoka. Ikamanunkha petulo kapena dizilo kwambiri, isiyeni, mafuta amawononga siponji. Jekete yong'ambika pamene siponji ingatulukire si yoti muzinenerera mtengo.

Chachitatu, ivaleni ndi kuimanga

Masulani malamba onse kaye. Valani jekete pamwamba pa zovala zonse, osati mkati mwa chikhoti. Tsekani zipi mpaka pamwamba. Kenako mangani malamba kuyambira wa m'chiuno, kukwera m'mwamba, a m'mapewa pomalizira. Wa m'chiuno ndiye mwini nkhani, chifukwa ndi amene amagwira pansi pa nthiti kuti jekete isakwere. Imange ikugwireni ndithu, koma muzitha kupuma mokoka mpweya.

Tsopano imikani mikono m'mwamba, mnzanu agwire jekete m'mapewa n'kukoka m'mwamba mwamphamvu. Ikakwera mpaka kufika m'makutu, kapena zipi ikakugundani pachibwano, ndiye kuti ndi yokhwepa kapena yakukulirani. Madzi adzachita chimodzimodzi mnzanuyo, ndipo mudzapezeka jekete ili pamwamba, nkhope yanu ili mkati mwake.

Majekete ambiri a 100 N ndi 150 N ali ndi lamba wodutsa pakati pa miyendo. Ameneyu ndi amene abambo ambiri amamusiya akulendewera ngati mchira, ati ndi wa ana, ena mpaka kumudula ndi mpeni. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Lamba ameneyu ndi amene amaletsa jekete kuvuka kudzera kumutu mukagwa m'madzi kapena pamene anzanu akukukokerani m'boti. Amayi, tsiku la ulendo wa pamadzi valani buluku kapena kabudula mkati mwa chitenje, kuti lambayu amangike bwino. Chitenje chonyowa chimakulunga miyendo, ndiye chimangeni moti mungathe kuchimasula ndi dzanja limodzi.

Pa sitima zikuluzikulu mumapezeka majekete a zigawo zolimba, olowetsa mutu pakati n'kuzunguliza chingwe m'chiuno. Mukakwera Ilala kapena sitima ina iliyonse, funsani pamene amasungidwa musanapeze pogona. Mukakakamizika kudumphira m'madzi mutavala yotere, igwireni ndi mikono yopingasa pachifuwa n'kuikokera pansi, miyendo ili pamodzi, kuti isakumenyeni chibwano.

Za ana ndiye tinene mosapsatira. Jekete ya mwana imasankhidwa potengera kulemera kwake lero, osati msinkhu umene adzafike. Si yunifolomu ya sukulu yoti akulira momwemo. Pa sitima, majekete amagawidwa patatu: a makanda osafika makilogalamu 15, a ana a makilogalamu 15 mpaka 43, ndi a akuluakulu. Mwana akavala ya munthu wamkulu amapulumukamo ngati nsomba m'manja. Ya mwana ikhale ndi kolala yaikulu, lamba wa pakati pa miyendo, ndi kachogwirira kumbuyo kwa khosi. Muyeseni pomunyamula ndi mapewa a jeketeyo: chibwano ndi makutu zisalowe mkati.

Ndipo mayi wobereka mwana kumbuyo amutsitse asanakwere bwato, amufukate pamiyendo atavala jekete yake. Mayi akagwera m'madzi, thupi lake limafuna kukweza nkhope, ndipo pochita zimenezo msana umalowa pansi pamodzi ndi mwana womangidwa pamenepo.

Chachinayi, iyeseni pa madzi osaya

Tsiku labata, lowani m'madzi ofika m'chifuwa, mnzanu ali pambali. Pindani miyendo, lekani kupalasa, dzisiyeni. Chibwano chikhale pamwamba pa madzi ndipo muzipuma osavutika. Yesani kugona chafufumimba muone ngati ikukutembenuzani ndiponso zikutenga nthawi yotani. Yesaninso mutavala zimene mumavala usiku ku ntchito. Ana nawo azolowere, chifukwa mwana wa mantha amaphiriphitha, ndipo kuphiriphithako kumalimbana ndi jekete. Sankhani malo odziwika kuti kulibe ng'ona.

Chachisanu, musanakankhe bwato

Yambani ndi mphepo. Mwera, wochokera kummwera cha kum'mawa, umalimba kwambiri kuyambira Meyi mpaka cha mu Ogasiti. Umawomba motsata utali wa nyanja, motero mafunde amanka nakula akamapita kumpoto, ndipo ukayamba umatha masiku angapo. Mpoto umabwera ndi nyengo ya mvula, nthawi zina mwadzidzidzi, ndi ziphaliwali. Kuli vuma wochokera kum'mawa ndi zambwe wochokera kumadzulo. Nthambi yoona za nyengo imalengeza pa wailesi mwera ukamayembekezeka. Chenjezo limenelo si la alendo okha. Pa 30 Julayi 1946, m'nyengo yomweyi, sitima ya Vipya, yachitsulo ndiponso yatsopano, inagubuduka ndi namondwe kufupi ndi Florence Bay, m'dera la Chitimba, ndipo anthu 145 anafa. Ngati chitsulo chinalephera, bwato la mtengo umodzi lisayese mwayi.

Yang'anani nokha kunyanja. Mafunde akayamba kuyera nsonga kutali, kapena mukaona mzere wakuda ukuyenda pamwamba pa madzi kubwera kwanu, mphepo yafika kale kumeneko. Mitambo ikamaunjikana ngati phiri n'kuda pansi pake, khalani pamtunda. Kumbukiraninso kuti mphepo yochokera kumtunda imanyenga: pagombe pamakhala bata, koma mukangotuluka kuseri kwa phiri imakukankhirani pakati, ndipo kubwerera kumakhala kolimbana nayo. Ophunzira kupalasa amakodwa kawirikawiri ndi msampha umenewu.

Kenako uzani munthu wotsala kumtunda kumene mukupita, anthu amene muli nawo, ndi nthawi imene mubwere. Akhale munthu woti nthawi ikadutsa adzadzutsa anthu, kuuza a komiti ya pagombe kapena apolisi, osati woti adzangoti mwina agona ku chilumba.

Ndiye bwato lenilenilo. Onani ming'alu ndi pamene munamata phula. Chokapira madzi chimangiriridwe ndi chingwe, chifukwa ndicho chimayamba kutayika. Chigubu chodula pakamwa chimakwana. Boti la injini likhalebe ndi nkhafi ziwiri ndi nangula. Mafuta muwagawe patatu: gawo limodzi lopitira, lina lobwerera, lachitatu losakhudza. Mangirirani zigubu zopanda kanthu, zotseka bwino, pansi pa mipando. Chigubu cha malita 20 chimanyamula makilogalamu pafupifupi 20 m'madzi, ndipo zingapo zimatha kuletsa boti lodzaza madzi kumira. Konzaninso chigubu cha malita 5 chomangirira ku chingwe cha mamita 15 kapena 20, choponyera munthu wogwera m'madzi. Musatope nacho, chimagwira ntchito kuposa mmene chimaonekera. Tengani tochi, madzi akumwa, ndi foni yotchaja yokulungidwa m'pepala la pulasitiki, muiike m'thumba la jekete osati m'chikwama.

Koma zigubu si jekete. Chigubu chimafuna manja, ndipo manja amatopa.

Chomaliza ndi katundu. Bwato likadzaza, milomo yake imayandikira madzi, ndipo kafunde kakang'ono kapena munthu mmodzi wosuntha amakwana kulimiza. Mu Meyi 2023, bwato limene linagundidwa ndi mvuu pa mtsinje wa Shire m'boma la Nsanje linanyamula anthu 37, ndipo ambiri sanafike tsidya. Mwini boti amawerenga ndalama, inu werengani mitu ndi majekete. Mukaona madzi akunyambita milomo ya boti lisananyamuke n'komwe, tsikani, ngakhale anzanu akusekeni, ngakhale maliro amene mukupitako akhale a wachibale. Katundu wolemera akhale pansi ndi pakati. Ndipo woyendetsa akamanunkha kachasu, ulendo umenewo si wanu.

Chachisanu ndi chimodzi, muli pamadzi

Khalani pansi. Pokwera, potsika kapena posinthana malo, asunthe munthu mmodzi, atawerama, atagwira mbali zonse ziwiri. Funde likamenya mbali imodzi, anthu amathamangira mbali inayo onse pamodzi, ndipo boti limagubuduzidwa ndi eni ake. Woyendetsa awauziretu zimenezi asananyamuke.

Mafunde akakula, musawapatse nthiti za bwato. Alandireni ndi mutu, mopendekera pang'ono, ndipo chepetsani liwiro. Madzi akalowa, kapani nthawi yomweyo, chifukwa madzi oyendayenda m'bwato amalipendeketsa kuposa katundu. Woyendetsa injini amange kachingwe kozimitsira injini padzanja kapena pamwendo. Akagwa popanda kachingweko, boti limazungulira lokha n'kubwerera ndi pulopela pamene iye ali. Usiku onetsani nyali kuti maboti ena akuoneni. Amene akuponya ukonde aonetsetse kuti phazi silili pakati pa zingwe, ndipo mpeni ukhale pomwe dzanja lingafike.

Ku Shire, ku Malombe ndi m'mathiriro a mitsinje, nkhani ina ndi mvuu ndi ng'ona. Mvuu ipatseni malo ambiri, makamaka ya mwana, ndipo musadutse pakati pa iyo ndi madzi akuya, chifukwa ikadzidzimuka imathawira komweko. Gogodani bwato ndi nkhafi mukamayandikira malo ake, kuti ivuuke muione ili patali. Manja ndi miyendo zisalendewere m'madzi. Opalasa atakhala pamilomo ya bwato miyendo ili kunja, monga timachitira panyanja, asiye chizolowezicho akalowa mumtsinje.

Chachisanu ndi chiwiri, bwato lagubuduka

Mphindi yoyamba ndi ya kupuma basi. Thupi likagwa m'madzi mwadzidzidzi limakoka mpweya lokha, ndipo pamenepo ndi pomwe anthu amamwera madzi. Tsekani pakamwa, lolani jekete ikukwezeni, gonani chagada, fulatirani mafunde, mudikire mtima ukhazikike. Mukapezeka pansi pa boti, gwirani m'mphepete mwake, dzikokereni pansi pang'ono n'kutulukira kumbali.

Mukapuma, itanani anzanu ndi mayina, muwerengane. Kokani malamba a jekete amene akhwepa. Jombo zodzaza madzi zivuleni ngati zikukulepheretsani kusuntha, koma zovala zina zisiyeni, zimasunga kutentha.

Kenako gwirani bwato, ndipo musalisiye. Bwato la mtengo nthawi zambiri limayandamabe ngakhale litadzaza madzi, ndipo ofunafuna amaona bwato ali kutali, pamene mutu wa munthu pakati pa mafunde umafanana ndi chipanda. Gombe limaoneka pafupi munthu ukakhala m'madzi, koma maso amanama. Sambirani pokhapokha ngati mtunda uli pafupi zedi, mphepo ikukankhirani komweko, ndipo bwato lamira. Khalani mbali imene mphepo ikuchokera, kuti funde lisakuponyereni bwato pamutu, ndipo talikirani maukonde ndi zingwe zoyandama.

Bwato laling'ono limatheka kulitembenuza. Likakhala chagada lili lodzaza, likankheni uku ndi uku motsata utali wake kuti madzi akhavukire kunja, kenako kapani muli panja. Woyamba kukwera akhale wopepuka, pamene wina wagwira mbali inayo, ndipo apitirize kukapa ena asanakwere. Likakanika, kwerani pamsana pake momwe mungathere. Madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira kwambiri kuposa mpweya, ndipo ngakhale nyanja yathu ndi yofunda, usiku wonse wa mu Juni muli m'madzi umafooketsa munthu mpaka manja kukanika kugwira.

Ngati bwato lapita, pindani mawondo afike pachifuwa, mikono muikumbatire pajekete, musiye kupalasa. Mukakhala angapo, kumbatiranani mozungulira, ana ndi ofooka pakati. Gulu limasunga kutentha, limaoneka msanga, ndipo limalimbitsa mtima. Imbani wezulo m'malo mokuwa, chifukwa mawu amatha msanga ndiponso mphepo imawameza. Masana, tambasulani mikono m'mbali n'kumaikweza ndi kuitsitsa pang'onopang'ono, chimenecho ndi chizindikiro chodziwika cha ngozi pamadzi. Usiku walitsani tochi mukamva injini, osangoisiya ikuyaka mpaka mabatire kutha.

Mumtsinje wothamanga malamulo amasinthako. Gonani chagada, mapazi atsogole kumene madzi akupita kuti ndiwo azigunda miyala, ndipo palasani ndi manja mopendekera kugombe. Musayese kuimirira m'madzi othamanga opitirira m'mawondo: phazi likakanirira pamwala, madzi amakugwetsani n'kukupanikizani pansi ngakhale mutavala jekete. Thawani mitengo yogwera mumtsinje ndi milu ya namasupuni, chifukwa madzi amadutsa pansi pake koma munthu sadutsa.

Chachisanu ndi chitatu, wagwera m'madzi ndi mnzanu

Munthu amene akumira sakuwa ngati mmene anthu amaganizira. Amakhala chiimire m'madzi, mutu uli chagada, pakamwa pakulowa ndi kutuluka, manja akupanda madzi m'mbali, ali duu. Mpweya wokuwira alibe.

Fuulani kuti onse adziwe, ndipo munthu mmodzi amuloze ndi chala osachotsapo maso. Mtima umati dumphani, koma womira amagwira chilichonse n'kuchikwera, ndipo m'malo mwa maliro amodzi pamakhala awiri. Yambani ndi kumupatsira nkhafi, nsungwi kapena chitenje, inu mutagona kapena mutakhala pansi kuti asakukokereni. Akakhala patali, ponyani chigubu cha chingwe chija mopitirira pamene ali, n'kuchikoka kuti chingwe chimupeze. Zikakanika, pitani ndi bwato. Boti la injini limuyandikire pang'onopang'ono, mutu utaloza kumene mphepo ikuchokera, ndipo injini izimitsidwe asanafike pambali. M'bwato laling'ono musamukwezere pambali, agwire kumbuyo mumukokere kumtunda. Kulowa m'madzi ndi njira yotsiriza, ya munthu wovala jekete, wonyamula choyandama choti ampatse womirayo chikhale pakati pawo.

Chachisanu ndi chinayi, mwamuvuula

Mugonekeni chagada pamalo olimba. Muitaneni, mugwedezeni mapewa. Pendeketsani mutu wake chambuyo, kwezani chibwano, ndipo kwa masekondi osapitirira 10 yang'anani chifuwa ndi kumvetsera mpweya. Ngati akupuma bwino, mugonekeni cham'mbali, muvuleni zonyowa, mufunditseni.

Ngati sakupuma, kapena akungobanika mwa apo ndi apo, tumani wina akafune galimoto ndi thandizo, inu yambani. Mmasuleni jekete. Tsinani mphuno, phimbani pakamwa pake ndi panu, muuzireni mpweya kasanu, mukuona chifuwa chikukwera. Kenako ikani chikhatho pakati pa chifuwa, china pamwamba pake, mikono yowongoka, dinikizani ka 30, kulowa masentimita 5 kapena 6 kwa munthu wamkulu, pa liwiro la ka 100 mpaka 120 pa mphindi. Uzirani kawiri, dinikizani ka 30, osaleka mpaka ayambe kupuma kapena afike achipatala. Mukatopa sinthanani. Kwa mwana gwiritsani dzanja limodzi, kwa khanda zala ziwiri.

Zija timachita kumudzi, zomuzondotsa mutu pansi kapena kumuponda pamimba kuti madzi atuluke, zisiyeni. Zimangotaya nthawi ndi kukankhira za m'mimba kukhosi. Chimene ubongo wake ukusowa ndi mpweya. Akasanza, mutembenuzireni kumbali, pukutani m'kamwa, pitirizani. Ndipo aliyense amene wamwa madzi n'kutsamwa, ngakhale adzuke n'kumayankhula, apite kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa mapapo amatha kuyamba kuvuta patapita maola. Musamupatse mowa kuti atenthedwe.

Chakhumi, mukabwerako

Tsukuluzani jekete ndi madzi oyera, muchotse mchenga, mamba ndi mafuta. Sopo wamba amakwana, mankhwala oyeretsera zovala ayi. Iyanikeni pamthunzi podutsa mphepo, osati pamchenga wotentha, pathandala la usipa kapena pafupi ndi moto. Iume kaye musanaisunge, apo ayi ichita nkhungu. Musaikhalire, musaigwiritse ntchito ngati pilo kapena chotchingira boti padoko, ndipo muiteteze ku makoswe, amene amakonda siponji yonunkha nsomba. Lembanipo dzina la boti lanu ndi la doko ndi cholembera chosafufutika: zimachepetsa kusowa kwa majekete, komanso ikapezeka ikuyandama anthu amadziwa boti loti alifunefune. Mwera usanayambe chaka chilichonse, bwerezani kuyendera kuja ndi kuyesa pa madzi osaya.

Yanga ndimaikoloweka pa nkhafi, kuseri kwa chitseko, moti nkhafiyo siituluka m'nyumba jekete ndisanaigwire.